Kodi chambiko chingalowe m'malo mwa makapisozi a probiotic?

Funso: Mwana wanga wazaka zitatu anamwa mankhwala a amoxicillin chifukwa cha chifuwa, kenako anayamba kutsegula m'mimba. Anansi akuti ndizim'patsa yogati chifukwa muli "tizilombo tabwino". Kufamase ndinaona makapisozi olembedwa kuti probiotic, koma nditamva mtengo ndinangobwerera. Kodi chambiko chimene timasasitsa tokha kunyumba sichingagwire ntchito yomweyo? Chinanso, bambo a kunyumba akamwa mkaka m'mimba mumawabwata, koma chambiko sichiwavuta. Zimatheka bwanji? Ndine mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi mwanayo, chifukwa nkhani ya tizilombo ikhoza kudikira koma madzi a m'thupi mwa mwana sadikira. Mwana akamatsegula m'mimba, choopsa kwambiri ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Choyamba ndi madzi a ORS, aja ambirife timangowatchula kuti Thanzi, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, pamodzi ndi mapiritsi a zinc kwa masiku 10 mpaka 14. Chakudya musamuleketse. Mukaona magazi m'chimbudzi, kapena akusanza chilichonse chimene mwam'patsa, maso alowa m'kati, wafooka moti sakufunanso kumwa, musataye nthawi kusaka yogati m'magolosale. Thamangani naye kuchipatala. Yogati ndi chambiko zimabwera pambuyo pa zimenezi, ndipo zimabwera ngati chakudya.

Tsopano tibwere ku tizilombo tabwinoto.

Agogo anga anali ndi chipanda cha mkaka chimene sankalola munthu aliyense kuchitsuka ndi sopo. Ankangochitsukuluza n'kuchivundikira padzuwa. Ukathiramo mkaka madzulo, m'mawa umapeza wagwira, madzi achikasu apatuka m'mbali, fungo lowawasa lija lakulonjera usanavundukule n'komwe. Chipanda chatsopano chinkatenga masiku awiri, ndipo agogo ankati "sichinazolowere mkaka". Sankadziwa mawu akuti mabakiteriya, koma ankanena zoona. M'timing'alu ta chipanda chakale munkakhala mabakiteriya otsala a dzulo, ndipo ndi amene ankayambitsa ntchito pa mkaka wa lero.

Ntchito yake ndi iyi. Mumkaka muli shuga wachilengedwe wotchedwa lactose. Mabakiteriya ena amadya shugayo n'kutulutsa asidi. Asidi akachuluka, mapuloteni a mumkaka amagwirana, mkaka umalimba n'kuyamba kuwawasa. Asidi yemweyo amafooketsa tizilombo tambiri towoletsa chakudya, n'chifukwa chake anthu oweta ng'ombe ankatha kusunga mkaka kalekale firiji isanabwere. Angoni anabwera nawo mwambo wa amasi kuchokera kumwera, Atonga a ku Zambia ali ndi mabisi, Ashona ku Zimbabwe amati mukaka wakakora, ife timati chambiko. Ngakhale thobwa likagona limawawasa chifukwa cha mabakiteriya a banja lomwelo, kungoti ilo ndi la chimanga ndi mawere.

Yogati ndi mbale wake wa chambiko koma si chinthu chimodzi. Yogati weniweni amapangidwa ndi mabakiteriya awiri odziwika mayina, Streptococcus thermophilus ndi Lactobacillus bulgaricus, amene amakonda kutentha kwa madigiri 40 mpaka 45. Malamulo a zakudya a padziko lonse a Codex amati mu galamu imodzi ya yogati muzikhala mabakiteriya amoyo osachepera 10 miliyoni. Mkaka wosasa wa mtundu wa chambiko ndi amasi umadalira kwambiri mabakiteriya a gulu la Lactococcus, amene amagwira ntchito pa kutentha kwa m'nyumba basi, osafuna kuwafunditsa.

Maganizo akuti mabakiteriya amenewa ndi abwino m'thupi anayamba kutchuka zaka zoposa 100 zapitazo. Mu 1905 mnyamata wa ku Bulgaria, Stamen Grigorov, amene ankaphunzira udokotala ku Geneva, anaona pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono kachilombo kamene kamasasitsa yogati wa kwawo. Wasayansi wotchuka wa ku Pasteur Institute ku Paris, Élie Metchnikoff, anaigwira nkhaniyo n'kuyamba kuphunzitsa kuti alimi a ku Bulgaria amakhala zaka zambiri chifukwa cha mkaka wosasa. Iye mwini ankamwa tsiku lililonse. Anamwalira mu 1916 ali ndi zaka 71, zimene si zochepa, komanso si zodabwitsa monga ankayembekezera. Ku Japan, Minoru Shirota anapatula mtundu wina wa mabakiteriya mu 1930, ndipo mu 1935 unayamba kugulitsidwa m'chakumwa cha Yakult. Kuyambira pamenepo sayansi ndi malonda zakhala zikuyenda mogwirana manja pa nkhaniyi, ndipo nthawi zambiri malonda ndi amene amathamanga patsogolo.

N'chifukwa chake mu 2001 akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi mabungwe a padziko lonse oona za chakudya (FAO) ndi zaumoyo (WHO) anaika malire pa mawu akuti probiotic. Tanthauzo lake ndi tizilombo tamoyo timene, tikamwedwa tokwanira, timabweretsa phindu m'thupi. Pamenepa pali mfundo imene otsatsa malonda sakonda kuitchula. Phindulo liyenera kuyesedwa pa anthu, ndipo limakhala la mtundu weniweni umene unayesedwawo, osati banja lonse. Taganizirani za chimanga. Chonse ndi chimanga, koma mlimi aliyense amadziwa kuti mbewu ina imapirira chilala, ina imacha msanga, ina imafumbwa msanga m'nkhokwe. Simungagule mbewu iliyonse n'kuyembekezera khalidwe la ina. Mabakiteriya ndi chimodzimodzi. Mtundu umene wayesedwa kwambiri padziko ndi Lactobacillus rhamnosus GG, umene Sherwood Gorbach ndi Barry Goldin anaupeza ku Boston m'zaka za m'ma 1980, ndipo zilembo ziwiri za GG ndi zoyamba za mayina awo. Zimene zinapezeka pa GG sizikunena chilichonse za kachilombo kena kongofanana nako dzina loyamba.

Ndiye chambiko chanu cha kunyumba chili pati? Muli mabakiteriya amoyo ochuluka zedi, zimenezo n'zoona. Koma gulu lake limasintha chipanda ndi chipanda, nyengo ndi nyengo, ng'ombe ndi ng'ombe. Asayansi amachitcha chakudya chosasa chokhala ndi tizilombo tamoyo, ndipo dzina la probiotic amalisungira mitundu yoyesedwa ija. Kusiyanitsa kumeneku sikukunyoza chambiko. Kukungotiletsa kuchisenzetsa katundu amene si wake.

Chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa n'choti mabakiteriya amene timamwa samanga nyumba m'matumbo. M'matumbo mwa munthu wamkulu muli kale mabakiteriya mathiliyoni ambirimbiri, eni nthaka, amene anagawana malo kalekale. Obwera ndi yogati ayenera kupulumuka kaye asidi wa m'chifu ndi ndulu, ndipo opulumukawo amadutsa, kugwira kantchito kawo, n'kutuluka. Mukasiya kumwa, pakangotha masiku kapena milungu yochepa sapezekanso. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo apa mwambiwu ukugwira ndendende. Kapu imodzi pa mwezi siisintha kanthu. Ngati pali phindu, limadza ndi kudya kawirikawiri.

Funso la bambo a kunyumba ndi limene lili ndi yankho lolimba kuposa onse. Mwana akamayamwa, matumbo ake amapanga chogayira lactose chotchedwa lactase. Anthu ambiri padziko, kuphatikizapo ambiri a kuno kwathu, akamakula thupi limachepetsa kupanga lactase. Si matenda, ndi mmene ambirife tinabadwira. Munthu wotere akamwa kapu yodzaza ya mkaka, shuga uja amadutsa osagayika n'kukafika m'matumbo aakulu, kumene mabakiteriya a kumeneko amamuchitira phwando. Zotsatira zake ndi mpweya, kubwata, kupotokola, nthawi zina kuthamangira kuchimbudzi. Mumkaka wosasa, gawo lina la shugayo linadyedwa kale m'chipanda. Komanso chifukwa ndi wolimba, umatsika pang'onopang'ono kuchoka m'chifu, ndiye lactase yochepa imene bambowo ali nayo imapeza mpata wogwira ntchito. Pa yogati pali chinanso: mabakiteriya ake amanyamula lactase yawoyawo n'kukaitula m'matumbo. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, limene linakana zonena zambirimbiri za makampani a probiotic chifukwa chosowa umboni, mu 2010 linavomereza mfundo imeneyi, kuti mabakiteriya amoyo a mu yogati amathandiza kugaya lactose kwa anthu amene amavutika nayo. Choncho bambowo asamadzikakamize mkaka wamba umene sunasase. Chambiko n'chawo.

Pa mwana wanu nkhani ndi yosakanikirana. Amoxicillin sasankha. Akamapha tizilombo ta chifuwa amaphanso ena mwa eni nthaka a m'matumbo aja, ndipo m'mimba mumasokonekera. Kafukufuku wambiri akusonyeza kuti mitundu ina, makamaka GG uja ndi yisiti yotchedwa Saccharomyces boulardii, imachepetsa mpata woti mwana atsegule m'mimba chifukwa cha maantibayotiki. Koma phindu limeneli limaoneka akayamba kumwa pamodzi ndi mankhwalawo kuyambira pachiyambi, komanso pa mlingo waukulu. Ndi kupewa, osati kuchiza. Kwa mwana amene wayamba kale kutsegula m'mimba, nthawi zambiri m'mimba mumakhazikika mokha pakapita masiku ochepa atamaliza mankhwala.

Nanga kutsegula m'mimba kobwera ndi tizilombo ta m'madzi ndi m'zakudya? Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti probiotic amafupikitsa matendawa. Mu 2018 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inatulutsa zotsatira za kafukufuku muwiri wamkulu. Wina anachitikira ku America pa ana oposa 900 pogwiritsa ntchito GG yemweyo, wina ku Canada pa ana oposa 800 ndi mitundu ina iwiri. Ana ena anapatsidwa probiotic, ena ufa wongofanana nawo wopanda kanthu. Magulu onse anachira mofanana. Ine ndikaona mayi akuchotsa ndalama ya ndiwo kuti agule makapisozi a mwana wotsegula m'mimba, mtima umandipweteka. Inu munachita bwino kubwerera osagula makapisozi aja, musadziimbe mlandu.

Palinso nkhani zina zimene mudzazimva. Mu March 2024 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linalola opanga yogati kulemba kuti kudya makapu osachepera awiri pa mlungu kungachepetse chiopsezo cha matenda a shuga, koma linawalamula kuwonjezera kuti umboni wake ndi wochepa. Ku yunivesite ya Stanford, kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti anthu amene anadya zakudya zosasa zambiri kwa milungu 10 anakhala ndi mitundu yochuluka ya mabakiteriya m'matumbo, ndipo zizindikiro zina za kutupa m'magazi zinatsika. Anthu ake onse anali 36 okha. Ndi chiyambi chabwino, koma wina akakuuzani kuti yogati amachiza shuga, BP kapena zilonda za m'mimba, mugwire chikwama chanu.

Chimene chimandidandaulitsa n'choti tikamakangana za tizilombo timaiwala mkaka weniweniwo. Chambiko chili ndi mapuloteni omanga thupi, kashiamu wa mafupa ndi mano, ndiponso mavitamini B2 ndi B12, amene ndi ovuta kuwapeza mu nsima ndi masamba okha. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali okwinimbira. M'dziko lotere, kapu ya chambiko kwa mwana ndi chinthu chamtengo wapatali ngakhale mukanakhala mulibe kachilombo kabwino ndi kamodzi komwe. Kwa mwana amene akuchira ndipo chilakolako cha chakudya chachepa, kuwawasa kuja kumathandizanso kuti alandire.

Koma apa ndiyenera kutsutsana ndi agogo anga. Iwo ankathira m'chipanda mkaka wongokama kumene, wosawiritsa. Anthu ambiri amakhulupirira kuti kusasa kumapha matenda onse. Sikupha onse. Mkaka wa ng'ombe yodwala ukhoza kukhala ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe, kapena ta brucellosis, matenda amene amabweretsa kutentha thupi kobwerabwera ndi kuphwanya kwa mafupa mpaka munthu kumangomwa mankhwala a malungo osachira. Ndowe ikagwera pang'ono pokama imabweretsa E. coli, ndipo mitundu ina ya kachilomboka imapirira asidi. Mkaka wa m'zigubu umene umabwera pa njinga m'mawa kuchokera kwa alimi wadutsa m'manja ambiri ndi padzuwa. Kupatsa mwana wodwala kale m'mimba chambiko cha mkaka wosawiritsa kuli ngati kuzimitsa moto ndi parafini.

Ndiye wiritsani kaye. Koma dziwani kuti moto nawonso susankha, umapha oipa ndi abwino omwe. Mkaka wowiritsa mukangousiya pawokha nthawi zambiri susasa bwino, umaola n'kununkha. Muyenera kuupatsa mbewu, monga mmene chipanda chakale chija chinkachitira.

Yogati wa kunyumba ndimapanga chonchi. Ndimawiritsa lita imodzi ya mkaka ndikutakasa kuti usapserere, kenako ndimauphula n'kuusiya uzizire. Ndikasamba m'manja ndimadonthezera pang'ono kuseri kwa dzanja: uzikhala wofunda bwino koma wosawotcha, ngati madzi osambitsira khanda otenthera pang'ono. Ukatentha kwambiri mbewu imafa, ukazizira kwambiri imagona tulo. Ndimatenga masipuni awiri aakulu a yogati wogula wopanda shuga, kuwasungunula m'kakapu ka mkaka womwewo, n'kuthira mumphika. Kenako zonse zimalowa mu fulasiki ya tiyi yotsukidwa ndi madzi owira. Ngati mulibe fulasiki, botolo lagalasi lokutidwa ndi bulangeti limagwira ntchito, makamaka mukaliika pafupi ndi mbaula yozima kumene. Musamaligwedeze kapena kumatsegulatsegula. Pakatha maola 6 mpaka 8 mukapendeketsa botolo mudzaona kuti mkaka wonse ukusuntha pamodzi ngati phala lozizira. M'miyezi ya June ndi July, mphepo ya chiperoni ikamaomba, umachedwerapo. Chambiko n'chosavuta kuposa apa: mkaka wowiritsa uzizire mpaka kufanana ndi mpweya wa m'nyumba, thiranimo masipuni awiri kapena atatu a chambiko chogula, vundikirani, mawa mupeza chagwira.

Mukhoza kusunga kambewu kuchokera pa wa lero kuti mupangire wa mawa, koma mukabwereza kangapo kukoma kumayamba kusintha chifukwa alendo osaitanidwa alowerera. Pamenepo gulani mbewu yatsopano. Mukaona nkhungu, mtundu wofiirira, thovu lambiri kapena fungo la chinthu chowola, tayani osalawa. Ndipo tsiku lina mukachita zonse bwino koma mkaka n'kukana kugwira, musadzikayikire msanga. Ng'ombe ikabayidwa maantibayotiki, mankhwalawo amatulukira mumkaka kwa masiku angapo ndipo amapha mbewu yanu. Mkaka wotere suyenera kugulitsidwa n'komwe.

Pali njira imene imandisangalatsa imene inayambira ku Uganda. Umwini wa mwalamulo umene unkaletsa ena kupanga GG utatha, asayansi awiri a ku Netherlands, Remco Kort ndi Wilbert Sybesma, anapanga mtundu wofanana nawo wotchedwa Lactobacillus rhamnosus yoba n'kuuika m'timapaketi ta ufa wouma. Kapaketi ka galamu imodzi kamakwanira kupangira malita 100 a yogati, ndipo magulu a amayi ndi alimi a mkaka amapanga n'kumagulitsa m'madera mwawo. Zikusonyeza kuti probiotic weniweni sayenera kukhala wa m'kabotolo kodula ka kufamase kokha. Ndikaganiza za magulu a alimi a mkaka a ku Thyolo ndi Chiradzulu, ndimaona kuti njira yotere ikhoza kutiyenera.

Mukamagula m'sitolo, tembenuzani kapaketi muwerenge. Fufuzani mawu achingerezi akuti live cultures kapena mayina a mabakiteriya. Yogati amene amakhala pa shelefu kunja kwa firiji kwa miyezi anatenthedwanso atapangidwa kuti asawonongeke, ndiye mabakiteriya ake ndi akufa. Ndi chakudya ndithu, koma si chimene anansi anu akunena. Wa sitiroberi ndi wa vanila amene ana amalirira nthawi zambiri amakhala ndi shuga wambiri wowonjezera, ndipo shuga wochuluka akhoza kuwonjezera kutsegula m'mimba. Gulani wopanda kanthu, mutsekemeretse nokha ndi nthochi yakupsa yokanya. Magetsi akathima tsiku lonse yogati amangowawasa kwambiri, koma mukaona chivundikiro chatupa, musiyeni.

Machenjezo ochepa. Khanda losakwana miyezi 6 liziyamwa bere lokha, ndipo mkaka wa m'mawere ndi umene umadyetsa mabakiteriya abwino a m'matumbo mwake otchedwa Bifidobacterium. Munthu amene akumwa maantibayotiki a ciprofloxacin kapena tetracycline asamwere pamodzi ndi mkaka, yogati kapena chambiko, chifukwa kashiamu amagwira mankhwalawo n'kuwalepheretsa kulowa m'magazi. Afunse adokotala kapena a kufamase kuti atalikitse maola angati. Amoxicillin alibe vuto limeneli. Makapisozi a probiotic nawo si a aliyense. Munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika kwambiri, wodwala khansa amene akulandira mankhwala amphamvu, ndi khanda lobadwa masiku osakwana, asapatsidwe popanda dokotala, chifukwa mwa anthu otere tizilombo tabwino tomweto nthawi zina timalowa m'magazi. Mu 2023 FDA inachenjeza zipatala za ku America za zimenezi khanda lina lobadwa masiku osakwana litamwalira.

Kwa mwana wanu wazaka zitatu, pitirizani Thanzi ndi zinc, ndipo m'patseni theka la kapu ya yogati wopanda shuga kapena chambiko cha mkaka wowiritsa kawiri pa tsiku. Mukafuna kusakaniza ndi phala, dikirani lizizire kaye, chifukwa phala la pamoto limapha mabakiteriya omwe mukuwafunawo. Mukaona kuti akamwa m'mimba mukuwonjezera kubwata, lekezani masiku awiri kapena atatu n'kuyesanso pang'ono, popeza matumbo amene angodwala kumene nthawi zina amalephera kugaya lactose kwa kanthawi. Ndipo ngati patha masiku atatu osaona kusintha, bwererani naye kuchipatala mutanyamula buku lake ndi botolo la mankhwala amene anamwa aja.